Za Ulendo Wathu ku Msonkhano wa Nyumba Zoyenda

Inu amene mumawerenga tsamba lino mwezi ndi mwezi mudziwa kale kuti ife awiri tiri nkhalamba za ku Dedza zimene zakhala zaka zambiri m'dziko la America, m'chigawo cha Indiana, kumene chisanu cha Januwale chiposa cha pa Bembeke monga nyanja iposa chithaphwi. Ena a inu mwatilembera kufunsa za ulendo uja tinautchula pang'ono, umene tinayenda mu Januwale 2024 kunka ku msonkhano waukulu wa anthu okhala m'nyumba zoyenda pa magudumu. Tazengereza kuusimba, ndipo chifukwa chache tichiulule msanga: m'nkhaniyi muli manyazi athu, makamaka a Bambo wa banja lino, amene alikugwira cholembera tsopano, Mai ataima kumbuyo kwao kuti asadumphe kanthu.

Tiyambe ndi kufotokoza chinthucho, pakuti kwathu sichioneka kawirikawiri. Eni ache amachitcha motorhome, ena angoti RV. Ndi galimoto yaikulu, ina ngati lole yaing'ono, ina ngati basi yathunthu, imene m'kati mwache muli kama, gome, mbaula ya gasi, kabati ya mbale, ndi kachipinda kosambiramo ndi kodzithandiziramo. Pansi pache pali mathanki atatu: la madzi abwino, la madzi otsukira ndi osambira, ndi la zonyansa, ndipo mtendere wonse wa munthu wokhala m'menemo ulendewera pa mathanki amenewa, kuti loyambalo lisaume ndi enawo asasefukire. Zambiri za nyumba zimenezi zimapangidwa pafupi ndi kumene tikhala, m'boma la Elkhart. Ndipo chodabwitsa nchakuti pakati pa amisiri ache pali anthu ambiri a mpingo wa Amish, amene mwambo wao uwaletsa kukhala ndi galimoto, nabwera ku nchito ena pa njinga, ena pa ngolo ya kavalo. Pakati pa amenewa Bambo anagwira nchito zaka 19, kukhoma makabati ndi zitseko m'nyumba zoyenda zosawerengeka, osagonamo ndi usiku umodzi womwe.

Atapuma pa nchito tinagula imodzi yakale, yaing'ono, imene idayenda kale mitunda yambiri. Koma kugulako kunali ndi mlandu pansi pache, umene unakhala pakati pathu zaka ziwiri monga mphika wosavundukula. Ana athu akula, nabalalika m'mizinda yotalikirana; nyumba yatikulira, ndipo msonkho wache ndi moto wa m'nyengo ya chisanu zirikudya ndalama za ukalamba wathu. Bambo anati: Tiigulitse, tikhale m'galimotomo, tiziyendera ana ndi adzukulu mmodzi mmodzi, kukazizira tithawire kofunda. Mai anati: Tiigulitse ndithu, koma tibwerere kwathu, tikafere pafupi ndi manda a makolo. Aliyense anayesa mnzache wouma mutu. Potsiriza tinapangana kuti tipite kumene kumasonkhana anthu amene adasankha kale moyo umene Bambo aufuna, tikaone ndi maso athu.

Ulendo wache ndi wa mitunda pafupifupi 2,000, ndipo tinayenda masiku asanu. Za m'njira tisachulutse, koma kuti Mai sanavule chikhoto kufikira titatsika mapiri kulowa m'chigwa cha Phoenix. Kumene tinkapitako ndi ku Quartzsite, kamudzi ka m'chipululu kumadzulo kwa chigawo cha Arizona, pa mphambano ya miseu iwiri yaikulu, Interstate 10 ndi US 95, mitunda ngati 20 kuchokera ku mtsinje wa Colorado. Pa kalembera wa 2020 anthu ache anali 2,413 okha. M'miyezi yotentha dzuwa lache liposa la ku Nsanje, ndipo mvula yache ya chaka chonse ingathe kugwa pa Mulanje tsiku limodzi. Koma kuyambira m'zaka za 1960, pamene eni mudzi anayamba msika wa miyala yokongola ya m'mapiri mwao, alendo a m'nyengo ya chisanu anayamba kuchuluka, kufikira kuti mu Januwale afika zikwi zambirimbiri. Titakwera kamtunda kotsiriza tinaona chigwa chonse chayera mbee, monga munda wa thonje wa ku Chikwawa, ndipo thonjelo linali madenga a magalimoto.

Dziko lozungulira mudziwo liribe mfumu. Ndi la Boma lalikulu, ndipo liyang'aniridwa ndi ofesi yotchedwa Bureau of Land Management. Pali madera ena pamene munthu aloledwa kugona masiku 14 osalipira kanthu. Ndipo kumwera kwa mudzi kuli dera lalikulu lotchedwa La Posa, pamene chaka chimenecho munthu ankalipira madola 40 pa masabata awiri, kapena madola 180 pa nyengo yonse, kuyambira pa 15 Seputembala kufikira pa 15 Epulo. Pa malo pako palibe magetsi, palibe mpopi. Madzi ukatunge pa malo amodzi poima pa mzere ndi anzako, ndi zonyansa ukataye pa malo amodzi, pa mzere winanso.

Ife tidalembetsa ndi gulu lina la eni magalimoto, oposa zana limodzi, amene adamanga msasa wao mozungulira bwalo. Pa chipata anatilandira ndi chimwemwe, natipatsa aliyense kansalu kofiira kopachika pachifuwa, kolembedwa kuti tafika koyamba. Anatiuza kuti kansaluko nkakuti aliyense wotiona adziwe kuti tisowa chithandizo, ndi kuti ife tisachite manyazi kufunsa. Mai anakavala mokondwa. Bambo anakaika m'thumba, nati: Ine ndapanga zinthu zimenezi zaka 19, awa andiphunzitsa chiani?

Popeza tidafika mochedwa, malo a pafupi ndi bwalo atadzaza, anatiuza kuti tikadzisankhire kumapeto. Pamenepo Bambo anaona malo okoma koposa, amene onse adawapitirira: mchenga woyera wosalala, ndi mitengo iwiri ya mthunzi. Mudziwe kuti m'chipululu chimenecho mitengo yeniyeni imera m'mizere yowerengeka yokha. Kwina konse kuli miyala yakuda, zitsamba zazifupi, ndi minga yaitali ija yotchedwa saguaro, yoimirira ngati munthu wokweza manja. Tinadabwa kupusa kwa anzathu, tinaimika galimoto, tinatulutsa mkeka ndi mipando.

Madzi a tiyi asanawire, kunatulukira mai wina wachizungu wokalamba, wamfupi, wa chipewa cha mlaza ndi ndodo, wochokera ku kagalimoto kakang'ono kamene kanaima pakokha kunja kwa malire a gulu lathu. Sanapereke moni wautali. Anati: Mwaima mu mtsinje. Bambo anayang'ana mchenga wouma, naseka, nayankha ndi ulemu wonyoza uja umene amuna audziwa, kuti zikomo, galimoto aidziwa bwino. Maiyo anati: Galimoto muidziwa, koma mitengo iyi yamera pano chifukwa cha chiani? Natembenuka, napita. Mai anati: Bambo, kodi kwathu munaonapo munthu alikumanga nyumba m'khwawa? Bambo anati: Kuno sikwathu, Mai, kuno nkuchipululu.

Tinagona m'khwawamo masiku awiri, ndipo kunalibe kanthu koma nyenyezi zambiri ndi kulira kwa ankhandwe a kumeneko. Bambo anakula mtima. Tsiku lachitatu madzulo mitambo inaunjikana pa mapiri a kum'mawa, kutali ndithu, pamwamba pathu pali poyera. Mai anapinda bulangete lao, nati: Inu gonani pano ndi mitengo yanu, ine ndikapempha malo kwa mai uja. Tsono mwamuna wa zaka 67 sangalole kuti mkazi wache akagone kwa eni chifukwa cha iye. Tinasuntha galimoto, Bambo alikung'ung'udza, kukaima pa miyala pafupi ndi kagalimoto kaja. Koma anasiya mkeka ndi mpando umodzi pa mchengapo kuti wina asalande malowo, popeza anati m'mawa tibwerera.

Pakati pa usiku tinamva mkokomo ngati wa sitima ya pamtunda. Kutacha tinapita kukaona. Madzi anali ataphwa kale, koma mchenga unali wonyowa ndi wokumbika, ndipo zinyalala zidakodwa pa mitengo ija kufika m'chiuno mwa munthu. Mkeka tinaupeza patali utakulungika pa chitsamba, mpando sitinauonenso. Anatifotokozera pambuyo pache kuti nthaka ya m'chipululu njouma gwa, siimwa madzi msanga, kotero kuti mvula yogwa pa mapiri, kumene iwe suiona, ithamangira yonse m'makwawa nifika kwa iwe thambo liri loyera; ndipo m'chigawo chimenecho madzi otere amakokolola magalimoto, ena ndi anthu ache omwe.

Bambo anaima pamenepo nthawi yaitali. Kenaka anapisa m'thumba, natulutsa kansalu kofiira kaja, nakapachika pachifuwa. Mwambi wa Safunsa umene mulikuuganiza inu, Mai anaunena kale, ndipo sanaunene kamodzi.

Kuyambira pamenepo msonkhano unayamba kutikomera, pakuti wofunsa apeza kuti anthu amenewa akonda kufunsidwa koposa kudya. M'mawa kunali maphunziro pansi pa hema: kuyesa mpweya wa m'matayala, ndi kuwerenga zaka zao pa manambala olembedwa m'mbali, chifukwa tayala la nyumba yoyenda limakalamba ndi kung'aluka lisanathe mano, kusamala gasi, kutchera magetsi a dzuwa pa denga, ndi kuyesa kulemera kwa katundu amene galimoto ingasenze. Bambo, amene adakhoma makabati osawerengeka, anamva tsiku limenelo kuti ndi ati amatseguka pa mseu wa mabampu nakhuthula mbale, ndipo anakhala chete. Dzuwa likapendeka aliyense ankanyamula mpando wache kunka ku bwalo, kumene ankasonkha moto, ife umodzi titabwereka. Tsiku lina kunali chidyerano, banja liri lonse kubwera ndi mbale yache. Mai anaphika nsima ya ufa woyera ndi nyemba ndi nkhuku, ndipo anthu anaizungulira ndi mafoloko mwamantha, kufikira mwamuna wina wa ku Canada anasamba m'manja natsanzira Bambo; pamenepo mphika unatha.

Pa moto umenewo tinamva mbiri ya mtundu wao, pakuti naonso ali ndi makolo amene amawatchula. Atchula mabanja 26 amene anasonkhana ku Hinckley, m'chigawo cha Maine, mu Julaye 1963 kudzaona kadamsana, pamene panabadwira bungwe la Family Motor Coach Association. Atchula Wally Byam, mmisiri wa makalavani onyezimira a Airstream. Ndipo nkhalamba ina, itamva kuti ndife a ku Africa, inatigwira dzanja nitisimbira kuti mu 1959 Byam anatsogolera makalavani 41 kuchokera ku Cape Town kunka ku Cairo, napitira ku mathithi a Victoria Falls, pafupi ndi kwanuko. Tinavomera kuti mpafupi, pofuna kusaikhumudwitsa.

Koma masiku alikupita, tinayamba kuona kuti m'chigwa chimenecho muli mitundu iwiri ya anthu, yogona pa miyala imodzimodzi, koma yosiyana ngati mwini sitolo ndi wogona pa khonde lache. Ena ali m'mabasi a mtengo woposa nyumba yathu ya ku Indiana, okhala ndi makina ochapira zovala ndi makoma otambasuka podina kabatani. Amenewa athawa kuzizira chabe, ndipo anzao awatcha mbalame za chisanu, popeza Epulo akafika auluka kubwerera ku nyumba zao. Ena ali m'timagalimoto tija tonyamulira ana ku sukulu, atachotsamo mipando nayala matiresi. Amenewa alibe kobwerera. Anachuluka pambuyo pa mavuto a chuma a 2008, pamene mabanja ambiri a m'America analandidwa nyumba chifukwa cha ngongole. Naonso ali ndi msonkhano wao mu Januwale womwemo, wotchedwa Rubber Tramp Rendezvous, umene anauyambitsa Bob Wells, munthu amene iye mwini anakhala zaka zambiri m'galimoto. Ndipo za moyo wao Jessica Bruder analemba buku la Nomadland mu 2017, limene kanema wache analandira mphoto yaikulu ya Oscar mu 2021. A gulu lathu anali anthu okoma mtima, sitiwanenera choipa. Koma potchula a timagalimoto ena ankatsitsa mau pang'ono, nati aja a kutsidyako. Ndipo ife, tivomere, masiku oyamba tidatsitsa mau pamodzi nao, mwina koposa iwo, monga achitira mlendo wofuna kuyesedwa mwini mudzi.

Mai wa chipewa cha mlaza, amene tsopano anali mnansi wathu, anali wa mtundu wachiwiriwu. Tinapita kukathokoza ndi mandasi, ndipo anatikhazika pa zidebe ziwiri zovundikira, pakuti mpando anali nao umodzi. Zaka zache zinali 71. Adakwatiwa ku Ohio, nagwira nchito m'khitchini ya sukulu. Mwamuna wache anadwala zaka zinai, ndipo matendawo anadya nyumba asanadye munthu. Tsopano m'chilimwe ankayang'anira misasa ya m'nkhalango za Boma, mu Okotobala ankagwira ganyu ku Michigan pokolola mbewu ija yonga mbatata imene apangira shuga, ndipo chisanu chikayamba ankatsikira ku chipululu. Ananena zonsezi osadandaula, monga munthu anenera mayendedwe a mvula.

Ndiyenso anatiphunzitsa za madzi, thanki lathu litauma tsiku lachisanu chifukwa tinkasamba monga a ku Indiana. Iye ankatha sabata ndi zigubu zitatu. Poona kabeseni kache, ndi m'mene ankasungira madzi otsukira mbale kuti azimire moto, Mai anaseka mpaka misozi, nati izi ndizo anakula nazo, pamene chitsime chinali kuseri kwa phiri ndipo mtsuko umodzi unkasambitsa ana atatu. Zaka zambiri za mpopi zidawaiwalitsa. Anamsonyeza mnansiyo kukwecha mphika ndi mchenga ndi phulusa, ndipo kuyambira tsiku limenelo awiriwo ankakhala pamodzi masana onse, wina ndi Chizungu cha ku Ohio, wina ndi cha ku Mtakataka, Bambo atatumidwa ku mzere wa madzi.

Loweruka tinamtenga kunka ku mudzi, kukaona hema lalikulu la malonda limene aimika chaka ndi chaka cha kumapeto kwa Januwale, ndi misika ya miyala. Za hemalo tingoti munali anthu othithikana ngati pa msika wa Lizulu, ndi zinthu zambiri zimene munthu sadziwa kuti azisowa kufikira ataziona. Chimene chinatigwira mtima chinali ku manda a mudziwo. Kumeneko kuli chiliza cha miyala chosongoka pamwamba, ndi chifanizo cha ngamira pa nsonga pache, chimene anachiimika mu 1935 pa manda a Hadji Ali. Munthu ameneyu anachokera ku maiko a kum'mawa kwa nyanja ya Mediterranean mu 1856, pamodzi ndi ngamira zimene asilikali a America adagula kuti ayese kunyamulira katundu m'chipululu. Nchitoyo inalephereka, ngamira zina zinagulitsidwa, zina zinatsalira kuthengo, iye anakhalabe, namwalira pa Quartzsite mu 1902. Asilikali adalephera kutchula dzina lache, namtcha Hi Jolly, ndipo ndilo dzina limene adziwika nalo pa chilizapo. Ife amene maina athu apotozedwa zaka zonsezi pa mapepala a malipiro ndi m'zipinda zodikirira dokotala, tinaima pamenepo osalankhula.

Ndi pomwepo Mai anafunsa funso limene adabwera nalo kuchokera ku Indiana. Anati: Pepani, amai, ndifunse za mwano. Inu kwanu nkuti? Mukadzagona osadzuka, adzakulirani ndani, nanga adzakuikani kuti? Mnansi wathu sanakwiye. Anati pa mapepala a Boma kwao ndi ku South Dakota, kumene adagonako usiku umodzi wokha, pakuti chigawo chimenecho chidalola oyendayenda kulembetsa ngati nzika zache. Ndipo mudzi wache wonse ndi kabokosi ka makalata. Anati oyendayenda ena akalephera kugwira chiongolero amapita ku Livingston, m'chigawo cha Texas, kumene kuli malo osamalira okalamba ali m'magalimoto ao omwe, ochokera m'bungwe la Escapees limene Joe ndi Kay Peterson analiyambitsa mu 1978. Koma kumeneko pafunika ndalama. Za maliro, anati adalemba kapepala kamene kali m'galimoto, kuti adzamtenthe, ndi kuti anzache adzamwaze phulusa lache m'chipululu. Mai anagwira pakamwa. Mnansiyo anaonjeza, alikuyang'ana kumbali, kuti adabatizidwa Mkatolika, koma chichokere m'nyumba yache sadziwa kuti wansembe wache ndani, popeza alibe parishi; ndipo ankachita manyazi kulowa m'tchalitchi cha eni ndi zovala za fumbi.

M'mawa mwache linali Lamulungu, ndipo sitinamfunse ngati afuna. Tinangoimika galimoto pakhomo pache. Akatolika a pa Quartzsite ali ndi katchalitchi kakang'ono, ka m'dayosizi ya Tucson, ndipo tsiku limenelo kanadzaza mpaka pa khomo. Pa benchi lathu panagwada mwini basi yaikulu ya m'gulu lathu, ndi mnansi wathu, ndi ife, ndi banja lina lolankhula Chisipanishi, ndipo palibe anafunsa mnzache kuti wagona m'chiani. Misa itatha, Mai anamkoka dzanja kunka naye kwa wansembe, monga akokera mwana ku katekisimu, nafotokoza nkhani yonse. Wansembeyo anayankha mau amene ifenso sitinkawadziwa, ndipo tiwalemba pano chifukwa angathandize ena a inu amene muyendayenda pa maganyu ku Johannesburg ndi kwina. Malamulo a Eklezia, amene analengezedwa mu 1983, adawaganizira kale anthu opanda mudzi wokhazikika: lamulo la 107 liwapatsa wansembe ndi Episkopi a pa malo pamene ali nthawi imeneyo. Kotero munthu wotere sakhala wopanda mbusa, ngakhale atagona kuno lero ndi uko mawa. Za kutentha mtembo, anati Eklezia adaloleza kuyambira 1963, koma mu 2016 anakumbutsa kuti phulusa la Mkristu lisamwazidwe, koma liikidwe pa malo opatulika, kuti abale a mu Mpingo akhale ndi pomkumbukira ndi kumpempherera. Mnansi wathu anafunsa ngati zimenezi zitanthauza kuti angathe kulapa kwa iye tsiku lomwelo. Tinawasiya awiri, tinakadikira m'galimoto nthawi yaitali ndithu.

Tiri chidikirire tinakumbutsana zimene ankasimba agogo athu za ansembe oyamba a ku Mua ndi ku Bembeke, amene ankayenda pa ulendo masabata ambiri, zipangizo za Misa ziri m'bokosi pamutu pa wamtengatenga. Ndi za Eusebio Kino, wansembe wa chipani cha Ayezuiti, amene anayenda pa kavalo m'chipululu chomwechi zaka 24, kufikira imfa yache mu 1711. Bambo anati amenewo akadakondwa ndi thanki lathu la madzi.

Usiku wotsiriza sitinapite ku moto wa gulu. Tinakhala awiri m'galimoto, nyali itazima kuti batire isathe, ndipo tinavundukula mphika uja. Bambo ndiwo anayamba. Anati aona kuti okondwa koposa pa msonkhanowo ndi amene ali ndi khomo lina lowadikira, ndi kuti ufulu umene ankausirira pa zithunzi za ku fakitale ukoma maondo akadali olimba; nanga tsiku limene maso adzakana mseu, Mai, amene sanaphunzire kuyendetsa chinthu chachikulu chotere, adzatani pakati pa miyala? Atatero anadikira kumva mau a wopambana mlandu, koma sanabwere. Mai anati pa manda a ngamira paja anayesa kuwerenga amene angadzawalire ku mudzi, napeza kuti ambiri a iwo ali kale pansi: achemwali ao onse awiri, anamkungwi ao, anzao a ku chitsime. Otsala ndi ana a abale, amene awadziwa pa lamya pokha. Koma pamene anagona m'chipatala chaka chija, amene anabwera ndi phala, nasinthana kugona pa mpando, anali amai a ku Malawi okhala ku South Bend, ndi a bungwe la amai la pa parishi yathu. Ndipo adzukulu, amene Chichewa chao chithera pa moni, sadzaoloka nyanja kukalambula manda. Anati: Bambo, ine ndinkayesa kuti kwathu ndikudziwa kumene kuli. Pamenepo analira, ndipo Bambo, amene sadziwa chochita mkazi akalira, anadzuka nakayesa madzi a m'thanki.

Nyumba sitinaigulitse, ndiponso sitinanene kuti sitidzaigulitsa. Mlanduwo uli chikhalire, kungoti tsopano tiukamba poyera, pa gome. Potsazikana tidampatsa mnansi wathu keyala yathu, osayembekeza kwenikweni kuti adzaigwiritsa nchito. Mu Novembala chaka chomwecho, ganyu wa ku Michigan atatha, tinamva galimoto pabwalo, ndipo kanali kagalimoto kaja. Mai anakonza chipinda cha ana, nayala nsalu zatsopano. Iye anakana, nati denga lalitali limsowetsa tulo. Analandira chingwe cha magetsi chodutsa pa zenera, ndi bafa la madzi otentha, ndi malo pa gome. Anakhala masiku asanu ndi anai, napita nafe ku Misa. Ndipo tsiku lina iye ndi Mai anapita okha ku ofesi ya manda a Akatolika kukafunsa mtengo wa kamalo kosungira phulusa. Bambo sanauzidwe kufikira lero kuti anafunsa malo a anthu angati. Chipale choyamba chitagwa, ananyamuka m'mamawa ife tisanadzuke, ndipo pa khonde tinapeza mpando wopinda, wakale koma wolimba, wofanana pang'ono ndi uja unapita ndi madzi.